Lamulo ndi limodzi, nanga bwanji khoti la ku Texas likusiyana ndi la ku Chicago?

Funso: Ine ndimakhala ku South Bend, m'boma la Indiana. Mng'ono wanga ali ku Houston, ku Texas, ndipo ali ndi mlandu wopempha asylum kukhoti la immigration atathawa nkhanza za mwamuna wake ku Malawi. Loya wake wamuuza kuti akanakhala kuno kwa ine, mlandu wake ukanakhala ndi mpata wabwinopo. Zandizunguza mutu. Kodi lamulo la federal si limodzi m'dziko lonse la America? Majaji akasemphana, woyenera kudula mawu ndani? Ndinamvanso kuti mu 2024 Supreme Court inalanda maofesi a boma mphamvu yomasulira malamulo. Kodi zimenezi zimuthandiza?

Yankho: Zikomo mayi, ndipo pepani ndi zimene mng'ono wanu wadutsamo. Loyayo wanena zoona. Lamulo lolembedwa ndi limodzi kuchokera ku Maine mpaka ku Hawaii, koma tanthauzo limene jaji adzagwiritse ntchito pa mng'ono wanu limadalira kumene mlandu ukuzengedwera. Maloya a ku America amazitchula kuti circuit split, ndipo zimachokera pa mmene makhoti awo anamangidwira.

Pansi pali makhoti a district okwana 94. Pamwamba pawo pali makhoti a apilo 13, ndipo 11 mwa iwo amadziwika ndi manambala, lililonse ndi chigawo chake. Indiana ili pamodzi ndi Illinois ndi Wisconsin pansi pa Seventh Circuit, limene limakhala ku Chicago. Texas ili pamodzi ndi Louisiana ndi Mississippi pansi pa Fifth Circuit la ku New Orleans. Chigamulo cha khoti la ku Chicago chimamanga majaji a m'chigawo chake okha. Jaji wa ku New Orleans angachiwerenge, angachiyamikire, koma ali ndi ufulu wochisiya n'kugamula mwina.

Makhoti a immigration nawo ali ndi pawo. Ngakhale timawatchula kuti makhoti, sali m'nthambi ya oweruza ayi, ali pansi pa unduna wa zachilungamo, Department of Justice, ndipo majaji ake ndi antchito a Attorney General. Munthu akagonja kumeneko amachita apilo ku Board of Immigration Appeals, mwachidule BIA, imene likulu lake lili ku Falls Church ku Virginia, nayonso ya unduna womwewo. Akagonjanso m'pamene amafika kwa majaji oima paokha, kukhoti la apilo la chigawo chimene jaji woyamba uja anamalizira mlandu. Mlandu wa ku Houston umakathera ku New Orleans basi. Ndipo poti aliyense akudziwa kumene udzathere, jaji wa ku Houston ndi BIA amatsatira zigamulo za Fifth Circuit kuyambira tsiku loyamba.

Tsopano tiyeni tikhale pansi pa mfundo imene yagwira mng'ono wanu, chifukwa ndi imodzi mwa mfundo zosakhazikika kwambiri m'malamulo onse a federal.

Mu 1980 nyumba ya malamulo, Congress, inakhazikitsa Refugee Act, ndipo pulezidenti Jimmy Carter anasainira. Tanthauzo la munthu wothawa kwawo analitenga m'pangano la mayiko la 1951 ndi ndondomeko yake yowonjezera ya 1967, imene America inalowamo mu 1968. Kuzunzidwa pakokha sikokwanira. Munthu ayenera kuonetsa kuti akuzunzidwa pa chimodzi mwa zifukwa zisanu: khungu kapena fuko lake, chipembedzo, dziko lake, maganizo ake pa ndale, kapena kukhala m'gulu linalake la anthu, limene lamulo limati particular social group. Zinayi zoyambazo zimamveka. Chachisanucho Congress sinachifotokoze ngakhale ndi mzere umodzi, ndipo mayi wothawa nkhanza za m'banja nthawi zambiri khomo lake ndi lomwelo.

Mu 1985, pa mlandu wa Acosta, BIA inapereka muyeso womveka. Gulu ndi anthu amene ali ndi chinthu chofanana chimene sangachisinthe, kapena chimene n'chozama kwambiri pa umunthu wawo moti sayenera kukakamizidwa kuchisintha. Inatchula zitsanzo: kukhala mkazi kapena mwamuna, khungu, ubale wa magazi, kapena zimene anthu anadutsamo kale. Wodandaulayo anali woyendetsa taxi wa ku San Salvador, ndipo anagonja chifukwa ntchito munthu angathe kuisiya. Muyeso womwewo ndi umene unapulumutsa mtsikana wa ku Togo amene anathawa mdulidwe wa akazi, pa mlandu wa Kasinga mu 1996.

Kuyambira 2006 BIA inayamba kuwonjezera zina. Inati gululo lizikhala looneka kwa anthu a m'dziko lochokeralo, komanso malire ake azikhala odziwika bwino. Mu 2014 inasintha mawu pang'ono, n'kunena kuti sikuti lizioneka ndi maso, koma anthu a kumeneko azilizindikira ngati gulu lapadera. Apa m'pamene makhoti anagawikana. Mu 2009 Seventh Circuit inaweruza mlandu wa Gatimi, bambo wa ku Kenya amene anatuluka m'gulu la Mungiki n'kuyamba kusakidwa. Jaji Richard Posner anakana mfundo ya kuoneka ija ndi chifukwa chimene aliyense wozunzidwa amachidziwa: munthu amene akusakidwa amabisala, ndiye n'zosamveka kumumana chitetezo chifukwa choti sakuoneka. Mu 2013 majaji onse a khotilo anakhala pamodzi pa mlandu wa Cece, mtsikana wa ku Albania, n'kuimanso pa muyeso wa Acosta. Anawonjeza kuti kukula kwa gulu si chifukwa cholikanira, poti mitundu ndi mipingo yozunzidwa nayo imakhala ya anthu ambirimbiri. Fifth Circuit inatenga njira ina: mu 2012, pa mlandu wa Orellana-Monson, inavomereza zowonjezera za BIA zija.

Pa nkhanza za m'banja zenizenizo nkhani yake ndi yomvetsa chisoni. Mu 2014 BIA inavomereza, pa mlandu wa A-R-C-G-, kuti amayi okwatiwa a ku Guatemala amene sangathe kuchoka m'banja ndi gulu lovomerezeka. Mu June 2018 Attorney General Jeff Sessions anadzitengera mlandu wina, wa A-B-, n'kufafaniza chigamulo chija. Mu June 2021 Attorney General wina, Merrick Garland, anafafaniza cha Sessions n'kubwezeretsa cha 2014. Mu 2025 Attorney General winanso, Pam Bondi, anabwezanso cha Sessions. Pa nthawi yonseyi Congress sinasinthe chilembo ngakhale chimodzi m'ndime imeneyi. Makhoti a First Circuit ndi Ninth Circuit mu 2020 anakana zoti amayi otere azikanidwa onse pamodzi osaona mlandu uliwonse paokha. Fifth Circuit, pa mlandu wa Jaco mu 2021, inanena kuti gulu la amayi a ku Honduras osatha kuchoka m'banja silovomerezeka chifukwa likudziwika ndi nkhanza zomwezo zimene akudandaula, ndipo inanena izi Garland atabwezeretsa kale chigamulo chokomera amayi. Loya wa mng'ono wanu akamatchula Chicago, akuganiza za Gatimi ndi Cece mbali ino, Orellana-Monson ndi Jaco mbali inayo.

Ndikuchenjezeni msanga kuti ku Chicago sikuti munthu amangopambana. Kulikonse ayenera kuonetsa kuti gululo ndi chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu zomuzunzira, monga lamulo la REAL ID la 2005 limanenera, kuti boma la kwawo silingathe kapena silifuna kumuteteza, komanso kuti sakanatha kusamukira dera lina la dziko lake n'kukhala mwamtendere. Maloya a boma adzakumbutsa jaji kuti Malawi ili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 ndiponso maofesi a Victim Support Unit kupolisi. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Chicago mayi amafika poti umboni wake uyesedwe, pamene ku New Orleans mlandu ungathere pakhomo.

Mwafunsa kuti wodula mawu ndani. Ndi Supreme Court, majaji 9 a ku Washington. Kwathu tinazolowera kuti majaji a High Court akasemphana, nkhani imakwera ku Supreme Court of Appeal n'kukathera kumeneko. Ku America khoti lalikulu limasankha lokha milandu yoti limve. Makhoti a apilo anakhazikitsidwa mu 1891 kuti alipeputse katundu. Mu 1925, mkulu wa majaji William Howard Taft atalimbikira, Congress inalipatsa ufulu wosankha, ndipo mu 1988 inachotsa pafupifupi milandu yonse imene linkakakamizidwa kumva. Lero pamafunika majaji 4 kuti avomere mlandu ulowe. Madandaulo amafika zikwizikwi chaka chilichonse, koma omvedwa ndi pafupifupi 60, pamene kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ankafika cha m'ma 150. Kusemphana kwa makhoti a apilo ndi chimodzi mwa zifukwa zazikulu zolandirira mlandu, komabe kusemphana kwambiri kumakhala zaka osakhudzidwa.

Kuchedwako nthawi zina n'kwadala. Pali chiphunzitso chakuti ndi bwino makhoti angapo aiunike kaye nkhani, aliyense ndi milandu yake, kuti khoti lalikulu likamadzagamula likhale litaona mbali zonse. Mu 1984, pa mlandu wa Mendoza, Supreme Court inanena kuti boma likagonja pa mfundo ina kwa munthu mmodzi, lili ndi ufulu wokalimbananso pa mfundo yomweyo ndi munthu wina m'chigawo china, ndipo chifukwa chake chinali chomwechi. Nzeru imeneyi sindiinyoza. Chigamulo chothamangira chimene chamanga dziko lonse n'chovuta kuchimasula. Koma pa nkhani ya particular social group khoti lalikulu silinaperekepo tanthauzo lake kuyambira 1980. Mu 2006 linafika pafupi, pa mlandu wa banja lina la ku South Africa, Gonzales v. Thomas, koma linangobweza mlanduwo kuti BIA iyambe ndiyo kuuona. Akuluakulu amati mlandu suwola, n'zoona, koma mayi amene wakwezedwa ndege mu 2012 sabwezedwa ndi chigamulo cha zaka 20 kutsogolo. Mpungwepungwe wa misonkho ya makampani ungadikire, poti ndalama zimabwezedwa. Pamene mtengo wake ndi ndende kapena kubwezedwa m'manja mwa wokuzunza, makhoti atatu kapena anayi akalankhula n'kusemphana, ine ndimati nkhani yapsa, ipakulidwe.

Tibwere ku za 2024. Mu 1984, pa mlandu wa Chevron, umene unali wokhudza utsi wa m'mafakitale, Supreme Court inaika lamulo la magawo awiri. Jaji ayambe wafunsa ngati Congress inalankhula momveka. Ngati inatero, zathera pomwepo. Ngati mawu ali ndi mbali ziwiri, jaji agonjere kumasulira kwa ofesi ya boma imene imayendetsa lamulolo, bola kukhale kwanzeru, ngakhale iyeyo akuona kuti pali kumasulira kwina kwabwino koposa. Mu 1999 khotilo linati BIA nayo izilandira ulemu umenewu. Mu 2005, pa mlandu wa Brand X, linafika ponena kuti ofesi ya boma ingathe kugubuduza kumasulira kumene khoti linapereka kale, ngati lamulolo linali losamveka.

Chitsanzo chimene chimaonetsa bwino kuipa kwa zimenezi ndi mlandu wa Pereira, wa 2018. Lamulo limati munthu amene wakhala ku America zaka 10 mosadukiza angapemphe kuti asathamangitsidwe, koma zakazo zimasiya kuwerengedwa akalandira chisamani chomuitanira kukhoti la immigration. Lamulo lomwelo limati chisamanicho chizitchula nthawi ndi malo. Kwa zaka zambiri boma linkatumiza zisamani zopanda tsiku, n'kumati wotchi yaima. BIA inavomereza zimenezi mu 2011, ndipo makhoti a apilo ambiri anangotsatira m'dzina la Chevron, kupatula Third Circuit. Nkhani itafika ku Supreme Court, majaji 8 mwa 9 anati lamulo linali lomveka kuyambira kale: pepala losatchula tsiku ndi malo si chisamani chimene lamulo likunena. Jaji Anthony Kennedy analemba padera kudandaula kuti makhoti ankagonjera boma asanawerenge n'komwe lamulo mofatsa. Taganizani anthu amene anachotsedwa m'dziko pakati pa 2011 ndi 2018 pa kumasulira kumene kunadzapezeka kuti n'kolakwa.

Pa 28 June 2024 Chevron inagwa. Amene anaigwetsa ndi asodzi a nsomba za herring a ku New Jersey ndi anzawo a ku Rhode Island, amene boma linkafuna kuti azilipira okha anthu okwera m'mabwato awo kukayang'anira usodzi, ndalama zokwana madola pafupifupi 700 patsiku. Pa mlandu wa Loper Bright, mkulu wa majaji John Roberts analemba kuti lamulo la Administrative Procedure Act la 1946 limapereka kwa makhoti ntchito yogamula mafunso a lamulo, ndipo jaji ayenera kufunafuna kumasulira kwabwino koposa ndi nzeru zake. Anabwerera mpaka kwa John Marshall, mkulu wa majaji wakale, amene mu 1803 anati kunena chimene lamulo likutanthauza ndi ntchito ya oweruza. Jaji Elena Kagan anatsutsa, n'kunena kuti mafunso ambiri a m'malamulo a masiku ano ndi a sayansi ndi ukatswiri umene majaji alibe.

Kodi zimuthandiza mng'ono wanu? Ku Texas, osati kwenikweni, ndipo ndibwino mumve zimenezi tsopano. Kugwa kwa Chevron kunapereka mphamvu kwa majaji, osati kwa odandaula. Pa mlandu wa Jaco, Fifth Circuit sinagonje chifukwa choopa BIA ayi, inakana yokha ndi mtima wake chigamulo chokomera amayi. Khoti lotere likamasulidwa limangolimbikira pomwe linali. Komanso Roberts ananena kuti zigamulo zakale zimene zinatsamira pa Chevron sizikugwa zokha. Ndiye pabadwa mafunso atsopano amene makhoti akulimbana nawo panopa. Kodi khoti la apilo limene linavomereza muyeso wa BIA chifukwa cha Chevron lingaubwererenso, ndipo ndi majaji atatu okha amene amamva mlandu nthawi zambiri kapena khoti lonse? Lamulo la immigration lili ndi mzere wonena kuti chigamulo cha Attorney General pa mafunso a lamulo ndicho chotsatiridwa. Kodi mzerewu ukumanga maofesi a boma okha, kapena ndi mphamvu imene makhoti nawo ayenera kuilemekeza? Loper Bright inavomereza kuti Congress ingathe kupatsa ofesi ufulu wodzaza mipata, koma malire ake ali pati? Kumapeto kwa 2024 Sixth Circuit inagamula kuti mawu onena za mavuto aakulu amene banja lingakumane nawo munthu akathamangitsidwa iwamasulira yokha, osagonjera BIA. Makhoti ena akuyenda mosamala. Zoona zake n'zakuti kusemphana kuchuluka kusanachepe, chifukwa Chevron, ndi zoipa zake zonse, inkakokera makhoti ambiri ku yankho limodzi.

Mmene ine ndikuonera, njira yoyenera ndi iyi, ndipo ndiyambira pa kuwerenga. Jaji asathamangire kunena kuti lamulo silikumveka. Mawu a particular social group aikidwa m'ndandanda umodzi ndi khungu, chipembedzo, dziko ndi ndale, ndipo zonsezi ndi zinthu zimene munthu sangazivule kapena sayenera kuzivula. Palibe amene amafunsa Mkhristu wozunzidwa kuti mpingo wanu ndi waukulu kwambiri, kapena kuti malire ake sakudziwika. Muyeso wa Acosta unachokera pa kuwerenga kotereku. Ndipo poti mawuwa anachokera m'pangano la mayiko, n'koyenera kuona mmene ena osainira anawamvera. Supreme Court inachita zimenezi mu 1987 pa mlandu wa Cardoza-Fonseca, pamene inagwiritsa ntchito buku la malangizo la UNHCR, bungwe la United Nations loona za othawa kwawo, n'kunena kuti munthu angakhale ndi mantha oyenera ngakhale mpata woti azunzidwe uli umodzi pa 10. Khoti lalikulu la Canada mu 1993, pa mlandu wa Ward, linatsamira pa Acosta. A House of Lords ku Britain mu 1999, pa milandu ya Islam ndi Shah, amayi awiri a ku Pakistan othawa nkhanza za amuna awo, nawonso anatsamira pa Acosta n'kuwapatsa chitetezo. Mayiko ena anatola nzeru ya America, eni ake n'kumaichulukitsira zotchinga zimene Congress sinalembe.

Maganizo a ofesi ya boma jaji awamve, koma awayese. Pali chigamulo chakale cha 1944, Skidmore, chimene Loper Bright inachisiya chili chiimire. Chimati kulemera kwa maganizo a ofesi kumadalira kuzama kwa kafukufuku wake, kumveka kwa zifukwa zake, ndi kusasinthasintha kwake. Pa muyeso umenewu, kumasulira kumene kwatembenuka mu 2014, 2018, 2021 ndi 2025 kukutsatira chisankho cha pulezidenti, osati ukatswiri. Kagan ananena zoona pa mankhwala, pa utsi, pa kuchuluka kwa nsomba m'nyanja. Pamenepo jaji wanzeru amamvera wasayansi. Koma funso lakuti mawu a m'pangano la othawa kwawo akutanthauzanji ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku ya jaji. Ndipo musaiwale kuti amene akufuna kuchotsa munthuyo m'dziko ndi amene akumasulira lamulolo onse ali m'nthambi imodzi ya boma, pansi pa pulezidenti mmodzi. Wogula chimanga akamagwiranso sikelo, pafunika wina woima pambali woti aiyang'ane.

Chikatsala chikayiko jaji atawerenga zonse, chigwere mbali ya munthu. Iyi si mfundo yanga yatsopano. Mu 1948, pa mlandu wa Fong Haw Tan, Supreme Court inati kuthamangitsa munthu m'dziko ndi chilango choopsa chofanana ndi kumupitikitsa kwawo, choncho sitingaganize kuti Congress inafuna kulanda ufulu wa munthu kuposa mmene mawu ake akunenera poyera. Inabwerezanso mfundoyi mu 1987 ndi mu 2001. M'zaka za Chevron mfundoyi inkaphimbika, chifukwa chikayiko chikangopezeka boma ndilo linkapambana. Tsopano mpata wabwerera, ndipo makhoti ayenera kuugwiritsa ntchito. Chifukwa chake n'chosavuta. Jaji akalakwitsa mokomera munthu, Congress ili ndi cholembera, ingakonze lamulo mawa. Akalakwitsa mokomera boma, wolipira ndi munthu mmodzi wopanda voti, amene mwina sadzapezekanso kuti apepesedwe.

Otsutsa ali ndi mfundo zawo ndipo n'zofunika kuziyankha. Ena amati mukatsegula khomo ili, amayi onse a dziko lapansi alowa. Koma kukhala m'gulu ndi gawo limodzi chabe. Umboni wa nkhanza, chifukwa chake, kulephera kwa boma ndi kusowa kothawira zonse zimatsalabe, ndipo zimagwetsa milandu yambiri. Canada yakhala ndi kumasulira kotakasukaku zaka zoposa 25. Ena amati majaji sanasankhidwe ndi anthu, ndiye asamapange mfundo za immigration. Ndikuvomereza, ndipo n'chifukwa chake ndikuti aime pa mawu a Congress, osachotsapo komanso osawonjezerapo. Amene akufuna kuti nkhanza za m'banja zisakhale chifukwa cha asylum apite ku Congress akavote poyera.

Mwina mungafunse kuti bwanji jaji mmodzi osangoletsa boma m'dziko lonse. Njira imeneyo yachepa. Pa 27 June 2025, pa mlandu wa Trump v. CASA, majaji 6 kwa 3 anagamula kuti khoti la district lilibe mphamvu yopereka chiletso choteteza anthu onse kupyola odandaula amene ali pamaso pake. Nkhawa yawo ndimaimva, chifukwa zipani zonse ziwiri zinazolowera kusaka jaji wozikomera kuti aimitse boma la anzawo. Koma zotsatira zake n'zakuti dera limene munthu ali likulemera kuposa kale, ndipo udindo wa Supreme Court wothetsa kusemphana msanga wakula.

Za mng'ono wanu tsopano. Loya wake ndiye waona mapepala, choncho izi mukambirane naye. Kusamutsa mlandu n'kotheka: loya amapempha jaji kuti mlandu upite kukhoti lina, ndipo jaji amavomera pakakhala chifukwa chomveka, monga kuti munthu wasamukadi ndipo mboni ndi omusamalira ali kumeneko. Mu 2023 BIA inagamula kuti malamulo otsatiridwa ndi a chigawo chimene mlandu uli, ndiye ukasamukadi, zigamulo za Seventh Circuit ndizo zigwira ntchito. Koma kusamukako kukhale kwenikweni. Asalembe adiresi yanu ali ku Houston. Bodza limodzi lotere limawononga chikhulupiriro cha jaji pa umboni wonse, ndipo pa asylum mawu a mwini wake ndiwo msanamira. Akasamuka adziwitse khoti pa fomu ya EOIR-33 pasanathe masiku 5, ndipo mpaka jaji atavomera, tsiku la ku Houston likadalipo. Akapanda kufika amagamulidwa iye kulibe.

Akatsala ku Texas, loya atchule pamaso pa jaji woyamba magulu onse amene angamukhudze, osati limodzi, kuphatikizapo amene sakudalira nkhanzazo pofotokoza gulu, monga kukhala mkazi wa ku Malawi kapena ubale wa banja. BIA inanena mu 2018 kuti gulu limene silinatchulidwe pansi silingabadwire pa apilo. Alembenso mfundo yakuti muyeso wa BIA ndi wolakwa pambuyo pa Loper Bright, ngakhale akudziwa kuti jaji wa ku Houston aikana, chifukwa lamulo likadzasintha mlandu uli m'njira, amapindula ndi amene anaisunga m'mapepala. Apemphenso chitetezo cha pansi pa pangano loletsa kuzunza anthu, Convention Against Torture, chimene sichifuna gulu lililonse, ngakhale chimafuna umboni wakuti akuluakulu a boma angadziwe n'kulekerera.

Inu mungathandize kwambiri pa umboni wochokera kumudzi: makalata a kuchipatala, lipoti la kupolisi ngati anapitako ndi zimene anamuyankha, mawu olembedwa a ankhoswe amene anamubweza kubanja, a mfumu kapena a kumpingo amene anaimva nkhaniyo, mauthenga oopseza a pafoni. Chilichonse cha m'Chichewa chimasuliridwe m'Chingerezi ndi womasulira wosainira kuti wamasulira moona. Ndipo BIA ikadzagamula momukanira, masiku okadandaula kukhoti la apilo ndi 30 kuchokera tsiku la chigamulocho, osati tsiku limene kalata yafika, komanso kudandaulako pakokha sikuimitsa ulendo: loya ayenera kupempha padera kuti khoti liletse kumuchotsa m'dziko mlandu usanathe.